Jim Abbott ndi chaka chimene anthu sakonda kuchikamba

Vidiyo yoyamba ya Jim Abbott ndinaionera pa foni usiku wina magetsi atathima, bandulo itatsala pang'ono kutha. Inali ya gemu ya baseball ya pa 4 September 1993 pa Yankee Stadium ku New York. Kagawo kamodzi ndinakabwereza kasanu, chifukwa maso anga ankalephera kugwira chimene chinkachitika ndi golovesi. Munthu akuponya mpira ndi dzanja lamanzere, golovesi ili pamkono wamanja. Mpira usanafike n'komwe kwa womenya, golovesi ija ili kale kudzanja lamanzere, iye wawerama kudikira. Za pakati pakepo sindinkaona kanthu.

Chimene chinandifikitsa pa vidiyoyo ndi mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka 11 amene anabadwa dzanja lamanja lopanda zala. Tsiku lina anabwera kuchokera kusukulu ali ndwii, nsima osaikhudza. Titamufunsitsa anati pa nthawi ya masewera aphunzitsi anamuuza kuti akhale pansi pa mtengo azilondera nsapato ndi zikwama za anzake. Aphunzitsiwo si munthu wankhanza, ndimawadziwa. Iwo ankaona ngati akumuteteza. Koma mwanayo analira mpaka kugona, ndipo ine ndinayamba kufufuza pa intaneti za anthu amene anasewerapo masewera apamwamba ndi dzanja limodzi. Dzina limene linkangobwerabwera linali la Abbott. Kuyambira pamenepo ndawerenga za iye kuposa mmene ndinkafunira poyamba, ndipo baseball, masewera amene sindinkawadziwa mutu wake, ndayamba kuwakonda.

Kwa amene simunawaonepo, masewerawa amayenda chonchi. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 9. Woponya, amene Amereka amati pitcher, amaima pa kachulu pakati pa bwalo, mamita 18 ndi kanthu kuchokera kwa womenya, amene wagwira chibonga chamtengo. Kuseli kwa womenyayo kumakhala wowakha atanyonyomala. Womenya akaupeza mpira amathamangira pa malo oyamba mwa malo anayi, ndipo akazungulira onse n'kubwerera pamene anayambira ndiye chigoli, chimene amachitcha run. Timu yoponya ikatulutsa anthu atatu amasinthana mbali. Gemu imakhala ndi magawo 9 otchedwa ma inning, kotero woponya amene wamaliza gemu yonse yekha ndiye kuti watulutsa anthu 27. Chofunika kwambiri pa nkhani yathuyi n'chakuti woponya akangotulutsa mpira m'dzanja amasanduka wotchinga. Mpira wolimba ngati mwala, umene wapita pa liwiro la makilomita 145 pa ola, ukhoza kumubwerera kumaso mothamanga kuposa mmene unapitira. Amene munasewerapo fulaye mukudziwa mmene mpira wobwera mwadzidzidzi umaopsera, koma apa suzinda, uyenera kuuwakha. N'chifukwa chake aliyense ankati masewerawa amafuna manja awiri, lina loponyera, lina la golovesi.

Abbott anabadwa pa 19 September 1967 ku Flint, mzinda wa mafakitale a galimoto za General Motors m'chigawo cha Michigan. Makolo ake, Mike ndi Kathy, anali asanakwane zaka 20. Mkono wake wamanja unathera pamene enafe timavalira wotchi. Ali wamng'ono anamuveka dzanja lachitsulo lokhala ngati mbedza, koma iye analida ndipo posakhalitsa analisiya. Chimene anachikonda chinali khoma la njerwa. Ankaponya mpira pakhomapo, n'kuuwakha pobwerera, tsiku ndi tsiku, akusendera pafupi pang'onopang'ono kuti mpira uzibwera msanga ndipo dzanja lizolowere changu.

Nditachepetsa liwiro la vidiyo ija ndi pamene ndinaona bwino zimene khomalo linamuphunzitsa. Golovesi amaigoneka pansonga ya mkono wamanja, kamwa lake litayang'ana pansi. Akaponya, dzanja lamanzere potsika limangolowa m'golovesimo ngati phazi m'silipasi. Mpira ukabwera amauwakha, n'kupanira golovesi pakati pa mkono wamanja ndi chifuwa, kusolola dzanja, kutenga mpira pamene ukugwa kuchokera m'golovesi, n'kuuponya kwa mnzake wa pa malo oyamba. Zonsezi zikuchitika munthu wina akuthamanga mamita 27 ndi mphamvu zake zonse. Matimu ena ku sekondale ankaganiza kuti apeza pomugwirira. Ankachita chimene amati bunt, kungougunda mpira pang'ono kuti ugubuduke patsogolo pa woponya, poganiza kuti adzakodwa ndi golovesi yake. Iye ankawatulutsa mmodzimmodzi mpaka anasiya okha. Pa Flint Central High School ankaseweranso mpira wa ku America uja wa zipewa zolimba, ndipo anali quarterback, munthu amene amagawa mpira kwa timu yonse.

Mu 1985 timu ya Toronto Blue Jays inamusankha pa draft, mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu akuluakulu amagawana achinyamata mosinthana. Inamutenga pa ulendo wa 36 wosankha, kutanthauza kuti mayina mazanamazana anali atatchulidwa kale. Iye anakana n'kupita ku University of Michigan ku Ann Arbor. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene moyo wake unakhotera. Akanalowa nthawi imeneyo, bwenzi anthu akuti amutenga pomumvera chisoni kapena kuti atolankhani apeze cholemba. Ku koleji kunalibe chisoni, kunali manambala. Pa zaka zitatu, 1986 mpaka 1988, anapambana magemu 26 n'kuluza 8, ndipo timu yake inatenga kawiri chikho cha Big Ten, ligi ya makoleji imene Michigan imaseweramo. Mu 1987 analandira Golden Spikes Award, imene imapita kwa wosewera baseball wopambana onse mwa amene sanayambe kulipidwa. Analandiranso James E. Sullivan Award ya chaka chomwecho, mphotho ya katswiri wa masewera onse osalipidwa m'dzikomo, ndipo anali woyamba wa baseball kuilandira chiyambireni.

Chaka cha 1987 chomwecho anapita ndi timu ya dziko lake ku Havana. Tiyenera kumvetsa kuti timu ya Cuba ya nthawi imeneyo sinali ya ana. Osewera a kumeneko sankaloledwa kupita ku maligi olipidwa, kotero akatswiri awo onse, amuna okhwima, ankasewera m'timu ya dziko, pamene America inkatumiza anyamata a ku koleji. Abbott anawagonjetsa pakwawo, chinthu chimene woponya wa ku America anali asanachite kwa zaka 25. Pa Pan American Games ku Indianapolis chaka chomwecho ndi iye ananyamula mbendera ya dziko lake. Mu 1988 ku Olympics ya ku Seoul, kumene baseball inali ya chionetsero chabe, anamupatsa gemu ya fainolo yolimbana ndi Japan. Anaponya ma inning onse 9 ndipo anapambana 5-3. Pa draft ya chaka chimenecho California Angels inamutenga pa nambala 8 m'dziko lonse.

Pafupifupi wosewera aliyense ku America amayamba wadutsa m'maligi ang'onoang'ono, zaka zitatu kapena zinayi akuyenda pa basi m'matauni osadziwika, asanafike mu Major League, ligi yaikulu kuposa onse. Abbott sanapondeko. Mu April 1989 analowa mwachindunji m'timu yaikulu, ndipo panali ena amene ananena poyera kuti Angels ikungofuna kudzaza bwalo. Anamaliza chakacho atapambana 12, ataluza 12. Mu 1991 anayamba moipa, kuluza magemu anayi oyambirira, koma anatsiriza ndi 18-11 ndipo anakhala wachitatu pa mavoti a Cy Young Award, mphotho ya woponya wopambana onse mu ligi yake, imene chaka chimenecho inapita kwa Roger Clemens. Chida chake chachikulu chinali mpira wotchedwa cutter. Umabwera ngati wowongoka, koma ukatsala pang'ono kufika umakhotera m'manja mwa womenya, kumene chibonga n'chopyapyala. Zibonga zinkathyoka, mipira inkangogubuduka mofooka kupita kwa otchinga.

Chaka cha 1992 chimandiwawa ndikachiwerenga. Pali nambala imene amayezera woponya, ERA, imene imanena zigoli zimene amalola pa ma inning 9 aliwonse. Ikachepa ndiye kuti zili bwino, ndipo yosafika 3 ndi ya akatswiri. Mu 1991 yake inali 2.89. Mu 1992 inatsika kufika 2.77, kusonyeza kuti anaponya bwino kuposa chaka chimene anamutamanda chija. Koma anapambana magemu 7 okha n'kuluza 15, chifukwa anzake omenya sankagoletsa. Munthu walima bwino, wapalira, wathira feteleza, mvula osagwa. Kumapeto kwa chakacho iye ndi timu analephera kumvana za kontrakiti yatsopano, ndipo mu December anamusinthanitsa ndi osewera atatu a New York Yankees.

Ku New York zinthu sizinamuyendere monga ankayembekezera. Pa 29 August 1993 ku Cleveland anamumenya koopsa, zigoli 7 asanamalize inning yachinayi. Atamuchotsa anavula yunifomu n'kutuluka m'bwalo kukathamanga m'misewu ya mzindawo gemu ili mkati, zimene sizinamusangalatse mphunzitsi wake Buck Showalter. Patangopita masiku 6 anakumananso ndi timu yomweyo, ndipo ndiyo gemu ya pa vidiyo ija. Cleveland imeneyo inali ndi Kenny Lofton, Carlos Baerga, Albert Belle, komanso Jim Thome ndi Manny Ramirez adakali achinyamata, anthu amene patangopita zaka ziwiri anafika nayo timuyo ku World Series, fainolo ya Major League.

Linali Loweruka masana, kumwamba kuli mitambo. Sikuti anaponya mosalakwitsa ayi. Kasanu anapatsa omenya malo oyamba ulele chifukwa cha mipira yophonya, ndipo amene anawatulutsa powaphonyetsa katatu anali atatu okha. Ena onse ankaumenya mpira, koma unkapita kumene kuli munthu. Mu inning ya 7 Belle anamenya mpira wamphamvu umene unkaoneka kuti wadutsa, Wade Boggs wa Yankees anadziponya pansi, kuugwira, kudzuka, n'kumutulutsa. Pa baseball pali mwambo wakuti woponya akamayandikira no-hitter, gemu imene palibe mdani ndi mmodzi yemwe wafika pa malo oyamba pomenya mpira bwino, anzake samulankhula. Mumamuona pa vidiyopo atakhala yekha pa benchi, jekete paphewa, anzake akuyang'ana kumbali. Mu inning ya 9 Lofton, mmodzi mwa othamanga kwambiri mu ligi yonse, anayesa bunt. Mpira unatuluka kunja kwa mzere ndipo bwalo lonse linamukuwiza. Ine sindimuimba mlandu Lofton. Ntchito yake inali kufika pa malo oyamba, ndipo akanapanda kuyesa chifukwa choti woponyayo ali ndi dzanja limodzi, kumeneko ndiye kukanakhala kumunyoza. Womaliza anali Baerga. Anagubuduzira mpira kwa wotchinga Randy Velarde, Velarde anaponyera Don Mattingly wa pa malo oyamba, gemu inatha 4-0, ndipo wowakha Matt Nokes anathamanga kukamukumbatira.

Mavidiyo ambiri amathera pamenepa, nyimbo ikulira. Olalikira ndi alangizi a achinyamata amatheranso pomwepa. Nanenso poyamba ndinkafuna kumuonetsa mphwanga zokhazi. Koma ndinapitiriza kuwerenga ndipo ndinafika pa 1996.

Atasewerako pang'ono ku Chicago White Sox mu 1995, anabwerera ku Angels, ndipo chaka chimenecho anachita bwino ndithu. Mu 1996 zonse zinagwa. Anapambana magemu awiri. Analuza 18. ERA yake inakwera kufika 7.48, nambala imene woponya wina aliyense angachite nayo manyazi. Sanavulale, ndipo n'chimene chimapweteka, chifukwa wovulala amakhala ndi choloza. Mpira wake unangotaya liwiro pang'ono, cutter ija inasiya kuluma, omenya anaizolowera n'kumaidikira. Panalinso vuto lina limene anali nalo kuyambira kale. Oponya ena amabisa mpira mkati mwa golovesi pamene akukonza kagwiridwe ka zala, kuti adani asadziwe mtundu wa mpira umene ukubwera. Iye sankatha kubisa bwino chotero, ndipo maso akuthwa a timu inayo ankatha kuba chinsinsi. Mpira uli wothamanga zimenezi sizinkavuta, ngakhale udziwe chimene chikubwera sungachimenye. Utafooka, chilichonse chinaonekera. Mu August anamutsitsira ku timu ya ligi yaing'ono ku Vancouver, koyamba m'moyo wake, ali ndi zaka 28. Kumayambiriro kwa 1997 Angels inamumasula ndipo chaka chonsecho anakhala pakhomo.

Ndimaganizira kwambiri katundu amene munthuyu ankasenza. Kuyambira chaka chake choyamba, mzinda uliwonse umene timu yafika kunkabwera makolo ndi ana obadwa opanda dzanja, opanda mkono, opanda zala. Makalata ankabwera ochuluka. Iye ankachoka pakati pa anzake gemu isanayambe, kukakhala ndi anawo, kuwaonetsa mmene amasinthira golovesi, kuponyerana nawo mpira. Pamene iye mwini chimene ankalakalaka, monga ananenera kambirimbiri, chinali chakuti anthu azimuyeza ngati woponya basi, osati woponya wa dzanja limodzi. Tsono taganizani kukwera kachulu kaja masiku asanu aliwonse mu 1996, ukudziwa kuti akumenyanso, ukudziwanso kuti kwinakwake kuli mwana amene wamata chithunzi chako pakhoma.

Chaka chimenechi ndi chimene ndachikonda kuposa zonse, ndipo ndinene chifukwa chake. Kwathu kuno munthu waulumali timamuika pa malo awiri. Ena timamubisa kuseli kwa nyumba, kumutcha mayina amene sindifuna kuwalemba pano, kumuuza kuti alondere nsapato. Apo ayi timamukweza kukhala chozizwitsa, kumuimika kutsogolo kwa tchalitchi kuti ena aphunzirepo, ndipo akatero saloledwanso kulephera, kutopa, kapena kungokhala wapakatikati. Konseku munthu mwiniyo sitikumuona. Abbott anamutsitsa mu 1996 pa chifukwa chomwecho chimene amatsitsira woponya aliyense, mpira wake unkamenyedwa. Amene anamusankha pa nambala 8 ndi amene anamumasula patapita zaka 9 ankawerenga buku limodzi la manambala. Zinamupweteka kwambiri, ndipo sindikufuna kuzikometsera. Koma malo amene aphunzitsi aja anamumana mphwanga ndi amenewa, malo oti ulowe m'bwalo, uyesedwe, mwina uluze.

Mu 1998 anabwerera. White Sox inamupatsa mwayi woyambira pansi penipeni, m'matimu a anyamata ongochoka kumene kusukulu, mabasi aja amene anawalumpha ali ndi zaka 21. Anakwera sitepe ndi sitepe mpaka mu September anafikanso m'timu yaikulu, ndipo magemu asanu amene anayamba anapambana onse. Mu 1999 anapita ku Milwaukee Brewers, ndipo kumeneko kunali chinthu chatsopano. Mu American League, imodzi mwa mbali ziwiri za Major League, mmene anasewera zaka zonsezo, woponya samenya, pali munthu wina womumenyera. Brewers inali mu National League, kumene nthawi imeneyo woponya ankayenera kugwira chibonga yekha. Abbott ankachigwira ndi dzanja lamanzere, nsonga ya mkono wamanja itachirikiza chogwirira. Pa maulendo 21 anamenya bwino kawiri, konse kawiri pa mipira ya Jon Lieber wa Chicago Cubs. Kuponya kokha kunali kutatha. Anapambana awiri, kuluza 8, ndipo mu July anamumasula. Anali ndi zaka 31.

Manambala a ntchito yake yonse mu Major League ndi awa: kupambana 87, kuluza 108, ERA ya 4.25. Si manambala a munthu wolowa mu Hall of Fame ya ku Cooperstown, nyumba yolemekezera akatswiri opambana a baseball, ndipo sanalowemo. Ndi a woponya wabwino amene anakhala zaka 10 pa malo amene anyamata mamiliyoni amawalota osawafika, anawala zaka zingapo, kenako mkono unatopa. Ku koleji ndiye amamukumbukira mokwanira. Mu 2007 analowa mu College Baseball Hall of Fame, ndipo mu 2009 Michigan inapumitsa nambala yake 31 kuti wina asadzaivalenso.

Mphwanga ndinamuonetsa zonse, ya 1993 ndi manambala a 1996 omwe. Anakhala chete, kenako anafunsa kuti, "Amalume, ndiye anamuchotsa chifukwa cha dzanja?" Ndinamuuza kuti ayi, mpira wake unasiya kuthamanga. Anagwedeza mutu n'kufunsa ngati ndingamugulire mpira wa tenesi, chifukwa wa majumbo sudumpha ukagunda khoma. Ndinaupeza pa kaunjika. Golovesi ya baseball sindinaipeze, kotero amagwiritsa ntchito chipewa chakale cha bambo ake, kuchigoneka pamkono, kuponya, kulowetsa dzanja. Khoma la kuseli kwa khitchini ladzaza timadontho takuda ndipo achemwali andidandaulira kawiri.

Achemwali omwewo ndi amene anapita kusukulu kukakhala pansi ndi aphunzitsi aja. Anakambirana mwaulemu, ndipo aphunzitsiwo anamva. Baseball kusukuluko kulibe, choncho mnyamatayo analowa m'timu ya mpira wamiyendo ya kalasi yake, amasewera kumbuyo chakumanja. Lachisanu lapitali anasewera ndi a Sitandade 7. Winga wa timu inayo anamudutsa katatu, kachitatuko chinali chigoli, ndipo pa hafu aphunzitsi anamutulutsa n'kulowetsa wina. Anafika pakhomo atakwiya, fumbi mpaka m'makutu, akunena kuti winga uja ndi wamkulu, sayenera kukhala ku pulayimale, ndipo sabata yamawa amuonetsa. Nsima anadya mitanda itatu.